Dimba la m'Bwato la a Salome

Taganizirani m'mawa wamba m'mudzi wina wa kunyanja kuno kwa Maganga. Dzuwa latuluka kale, koma mchenga sunayambe kuotcha mapazi. Amayi akuchokera kudooko ndi mitsuko pamutu, abakha akutsatana kulowera kudambo, ndipo ana a sukulu akuyenda mosafulumira monga achitira ana onse amene sanamve belu. Njira yawo imadutsa kuseri kwa nyumba ina ya udzu yokhala ndi mpanda wa bango. Akafika pamenepo amachedwa. Ena amasuzumira m'mipata, ena amangoima n'kumanunkhiza. M'kati mwa mpandamo muli mabwato awiri akale aatali, koma m'malo mwa ukonde ndi nkhafi muli dothi lakuda, ndipo m'dothimo mwamera zobiriwira zokhazokha. Pambali pa limodzi pawerama mayi wamfupi, akubudula timasamba ndi zikhadabo n'kumaponya m'kansengwa. Amenewo ndiwo a Salome Nachisale. Ndikufuna ndikuuzeni za iwo, ndi chimene chinachititsa kuti bwato la msodzi lisanduke dimba.

A Salome sanabadwire kunyanja. Kwawo ndi ku Chitala, kumtunda, kumene mwana wamkazi amadziwa kuunda mzere asanadziwe kumanga nsalu bwinobwino. Anakula akulima chimanga, mtedza ndi thonje. Kumeneko ndi kumene anawapeza a Fletcher Mbewe, mnyamata wa kwa Maganga amene ankapita ndi mtanga wa nsomba zouma kukasinthanitsa ndi chimanga. Anakwatirana m'tchalitchi m'chaka cha 1939. Msodzi sangakhale chikamwini kutali ndi madzi, choncho abale a mwamuna anapempha chitengwa, ndipo a Salome anasamukira kwa mwamuna wawo. Chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi, namutcha Molly.

Pamudzipo panali apongozi awo, a Nasoko, mayi wamasiye amene anaika m'manda ana anayi n'kutsala ndi Fletcher yekha. Ndikunena izi poyamba kuti musawaweruze msanga. Sanali munthu woipa mtima. Anali munthu amene imfa inamulowera m'nyumba kambirimbiri, mwakuti ankakhala tcheru nthawi zonse, kufunafuna khomo limene ilowerenso.

Nkhondo yaikulu ija itafika pachimake, a Fletcher analembetsa usilikali wa Keyala. Asanakwere sitima pa Salima anakokera bwato lawo kuseri kwa nyumba, nalivundikira pansi pa mtengo. Dzuwa ndi chiswe sizinalisiye. Pamene chaka chinkatha linali litang'aluka pansi, moti ngakhale mwana akanadziwa kuti silidzayandamanso.

Mvula ya chaka chotsatira itatha, m'midzi ya kunyanja munalowa chikuku. Molly, amene anali ndi zaka zitatu, anadwala pamodzi ndi anzake. Zotupa zinatuluka, zinauma, anzake anadzuka n'kubwerera kokasewera, koma iye sanadzuke. Anasiya kudya. Tsitsi linafiira n'kuyamba kusosoka, mikono inatsala timitengo, kenaka mapazi anayamba kutupa.

Tsiku lina m'mawa a Nasoko anabwera, nakhala pamphasa, nanyamula phazi la mwanayo. Anadina ndi chala chachikulu, ndipo atachotsa chalacho panatsala kadzenje.

"Mwaona, make Molly?"

"Ndaona, amayi."

"Chikuku ndimachidziwa ine. Sichitero."

A Salome anafunditsa mapazi a mwanayo ndi nsalu.

"Ine sindinanene kanthu ayi," anatero a Nasoko akupukuta chala pansalu. "Ndingofunsa. Mchere m'nyumba muno amathira ndani?"

"Ndimathira ndine."

"Eya. Ndimangofuna kudziwa."

Amene anakulira m'mudzi amva kale chimene chinanenedwa pamenepa, koma ndifotokoze chifukwa cha ena. Makolo athu amati mayi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwana amene wadya ndiwozo amadwala tsempho: amawonda, amatupa mapazi, ndipo akapanda kuthandizidwa amafa. N'chifukwa chake mayi akadziwa kuti sayenera kukhudza mchere amaitana mwana wamng'ono kapena gogo kuti amuthirire. Tsono taonani msampha umene a Salome anagweramo. Mwamuna wawo anali kunkhondo. Akapitiriza kuthira okha, mwana n'kumwalira, mudzi wonse udzati mayi wapha mwana wake ndi chigololo. Akayamba kuitana wina kuti aziwathirira tsiku ndi tsiku, mudzi womwewo udzati taonani, wavomera yekha. Analibe mlandu, koma analibenso njira yoonetsera kuti alibe mlandu. Chimene chikanawayeretsa chinali chimodzi basi, chomwenso mtima wawo unkalirira usana ndi usiku: kuti Molly akhale ndi moyo.

Madzulo ake anatenga chigubu cha mchere, napita nacho kwa apongozi awo, nagwada pakhonde.

"Amayi, sungani ichi. M'nyumba mwanga simulowanso mchere mpaka mwana wanu adzabwere. Sindithira ine, sathiranso wina."

A Nasoko analandira chigubucho. Amayi a m'mudzi anagawikana: ena ankati ndi kulimba mtima, ena ankati ndi kuchenjera.

M'mawa mwake a Salome anabereka mwana kumbuyo n'kuyenda wapansi kupita kuchipatala chaching'ono cha ku boma. Wothandiza odwala amene anamupeza anali bambo waulemu. Anayang'ana maso a mwanayo, lilime ndi mapazi, nati matenda otere amawaona kawirikawiri chikuku chikadutsa. Anapereka mankhwala akumwa, koma ananena mosabisa kuti mankhwala enieni ndi chakudya: phala lokhala ndi nsinjiro, nsomba, masamba, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. A Salome anabwerera ali ndi chiyembekezo. Mtedza anali nawo, umene amayi awo anatumiza kuchokera ku Chitala. Usipa wouma unalipo pang'ono, ngakhale inali nyengo ya mwera, pamene mabwato satuluka kwambiri. Anaphika monga anauzidwa. Molly analawa kamodzi, natembenuzira nkhope kukhoma. Phala labwino m'thupi, koma lopanda mchere, mwana wofooka analikana. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi.

Apa m'pamene analowerera a Habiba. Anali mayi wachisilamu wa nyumba yoyandikana nayo, wamtali, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo, wamkulu kwa a Salome ndi zaka zingapo. Ali mtsikana anagwirapo ntchito yophika kwa Amwenye a sitolo pafupi ndi siteshoni, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kunali mapale atatu kapena anayi m'mene ankadzalamo timasamba timene anthu ena pamudzipo sankatidziwa. Anapeza a Salome atakhala pakhonde ndi kambale kodzaza, akulira mosatulutsa mawu.

"Tabweretsani kuno," anatero a Habiba. Anapisa chala m'phalamo, nalawa, nakwinya nkhope. "Subuhana! Chimenechi ndi chakudya kapena chilango?"

"Mulibe mchere. Mukudziwa chifukwa chake."

"Ndikudziwa, mudzi wonse ukudziwa, ngakhale abakha akudziwa. Koma mwali, ine pa Ramadhani, nditasala tsiku lonse, mutandipatsa ichi ndingapemphe kuti dzuwa libwerere."

A Salome anaseka misozi ili m'maso.

"Vuto lanu anthu a kumtunda," anapitiriza a Habiba, "mumadziwa zokometsera ziwiri zokha: mchere ndi njala. Chimodzi mwapereka kwa apongozi, chinacho mwanayu alibe. Dikirani."

Anabwera ndi kadzanja ka masamba. Panali masamba a anyezi, ndi ena opyapyala onga nthenga amene anati Amwenye amawatcha daniya. Anawaduladula bwinobwino, nawathira m'phalamo atalitenthetsanso. Fungo lake linali lachilendo m'nyumbamo. Molly anatsegula maso, nayang'ana kumene linkachokera. Anameza masupuni awiri, mwina atatu, kenaka anatopa. Zinali zochepa, koma kuyambira pamene anadwala aka kanali koyamba kuti ayasamule pakamwa yekha.

Mapale a a Habiba sakanatha kudyetsa mwana tsiku lililonse. Pasanathe sabata anali atabudulidwa mpaka kutsala timitengo. "Dzalani zanu," anatero a Habiba, napereka njere za daniya zomangidwa pakansanza ndi tianyezi tating'onoting'ono tochepa. Anawonjeza kuti mpungabwi, uja timafukiza pothamangitsa udzudzu, masamba ake anthete amakometsa nsomba, ndipo chidede chimapatsa kowawasa kamene kamadzutsa mkamwa mwa wodwala. Ziwiri zimenezo zinkapezeka m'masala, kungozula ndi dothi lake n'kuwokera.

Tsono a Salome analakwitsa monga alakwitsira mlimi weniweni. Anatenga khasu, naunda mizere yokongola, yowongoka, ngati ya ku Chitala. Koma pansi pake panali mchenga. Ankati akathira mtsuko wa madzi, potembenuka n'kupeza pauma. Mwera unawomba n'kusalaza mizereyo, ndipo zimene zinayesa kumera anazimaliza abakha. A Habiba ataona anaika manja m'chiuno.

"Mwaundira ndani mizere imeneyi, nkhanu? Mchenga wa kuno ndi mlendo wadyera, umamwa osathokoza. Pamafunika chotengera, chogwira dothi ndi madzi."

"Mbiya zanga ndi ziwiri zokha. Ndikaswa ndiphikira m'chiyani?"

Onse awiri anayang'ana uku ndi uku, ndipo maso awo anakumana pa bwato lija.

"Ayi," anatero a Salome. "Limenelo ndi la bambo ake a Molly."

"Ndiye Molly ndi wa yani? Walahi, bwato limeneli likadzalowanso m'madzi ine ndidzadya nkhumba."

Analitembenuza awiriwo, nalikhazika pamiyala. Mng'alu wa pansi uja unapezeka kuti ndi wothandiza, chifukwa madzi ochuluka ankatulukira pomwepo. A Salome anayamba kututa dothi lakuda kudambo kumene anthu amalima mpunga, dengu ndi dengu, mwana ali kumbuyo. Anasakaniza ndi zitosi za mbuzi zakale ndi phulusa pang'ono. Mbali ya kumwera anaimika mpanda wa bango kuti utchinge mphepo ndi abakha. Kutsogolo kwa bwatolo anafesa daniya, pakati anatsotseka tianyezi, kumbuyo anawokera mpungabwi ndi chidede. Madzi otsukira mpunga ndi otsukira nsomba sanawatayenso kudzala. Onse ankapita m'bwato.

A Nasoko anali atapita kumaliro kumudzi wina. Atabwerako anazungulira kuseri kwa nyumba, naona bwato la mwana wawo litadzazidwa dothi mpaka m'milomo. Anagwira mutu.

"Mayo ine! Mwamukwirira!"

"Amayi, ndi dimba chabe, ndimafuna mwanayu..."

"Mwana wanga ali moyo kunkhondo, inu mwayamba kale kumuthira dothi? Chotsala n'chiyani, kudzala nkhadze pamwamba? Choyamba mapazi a mwana, lero izi. Ndipatseni mdzukulu wanga."

Anamasula okha nsalu kumsana kwa a Salome. Ananena kuti kuyambira tsikulo aziphikira mwanayo iwo eni, ndi mchere wothira ndi manja awo a munthu wokalamba amene sangadwalitse mwana tsempho. Ananenanso kuti atumiza uthenga kwa ankhoswe kuti nkhaniyi ikambidwe.

A Salome akanatha kuitana alongo awo ku Chitala, poti mwana mwini wake ndi malume. Anaganizapo. Koma anaona kuti umenewo ukhala mlandu wa akuluakulu, wokhalirana pansi masabata, pamene mwana akutha. Anagwada, nalola kuti mwana apite.

Nyumba ziwirizo zinali zoyang'anizana, bwalo lokha pakati. Masiku oyamba a Salome ankamva Molly akulira, akuitana mayi ake. Zinkawapweteka, koma anandiuza kuti chimene chinawaopsa kwambiri chinali pamene kulirako kunayamba kuchepa. A Nasoko anayesetsa ndi mtima wonse. Anafuna mankhwala a tsempho kwa odziwa, anaphika phala la mchere, anaimba, ananyengerera. Mwana ankameza pang'ono n'kufumbata milomo. Kutupa kunakwera mpaka m'mawondo.

A Salome analibe china chochita koma kuthirira bwato. M'mawa uliwonse ankagwada pambali pake n'kumayang'ana dothi. Mpungabwi unafota kaye, kenaka unadzuka. Chidede chinagwira. Tianyezi tinatulutsa timasamba tosongoka. Daniya ndiye ankachedwa, moti tsiku lina a Salome anafuna kufukula kuti aone ngati njere zinaola.

"Musakhudze!" anakuwa a Habiba ali kumpanda. "Ameneyo ndi Mmwenye, satsegula sitolo asanamwe tiyi."

Anamera ndithu, ngati tsitsi la khanda. Masamba ake atangofika pobudulika, a Salome sanadikirenso. Analawirira kusinja usipa wouma mumtondo, nausefa kuti pasakhale kaminga. Anaphika mpunga mpaka unasungunuka, nathiramo nsinjiro ndi ufa wa usipa uja. Anaponyamo timasamba tochepa ta chidede ndi nsonga za mpungabwi kuti zipsere momwemo. Ataphula, m'pamene anawazamo anyezi ndi daniya, monga anawaphunzitsira mnzawo, kuti fungo lisathawe ndi moto. Anavundikira kamphikako ndi mbale, nadutsa pabwalo. A Habiba anabwera pambuyo pawo osaitanidwa.

A Nasoko anali pakhonde, mwana ali pamiyendo, mutu uli lende.

"Odi, amayi."

"Fikani."

"Ndabweretsa kaphala."

"Phala lili m'nyumba muno. Akukana."

"Ndamva. Ndimati ayeseko ili."

A Nasoko anayang'ana kamphikako nthawi yaitali. Maso awo anali ofiira, nawonso sankagona. Potsiriza anati, "Ndiyambe ndalawa ine. Mukadziwa mwathiramo mchere, nenani pompano."

"Lawani."

Anavundukula, natapa ndi supuni, nayendetsa mkamwa.

"Mulibe mchere."

"Mulibe."

Anatapanso. "Nanga chikukomachi n'chiyani?"

"Ndi za m'bwato zija, amayi."

A Nasoko anakwinya nkhope, koma supuni inabwereranso m'kamphika kachitatu.

"Agogo," anatero a Habiba, "mwati mukufufuza mchere kapena mukufisula? Mukafika pansi pa mphika mutiuze ngati mwaupeza."

"Inu a Habiba, pakamwa panu padzakupachikitsani."

"Inshala, koma mwana atadya kaye."

Pamene akuluakulu ankakanganamo, Molly anali atadzutsa mutu. Anayang'ana amayi ake, nayang'ana kamphika, natambasula dzanja kugwira mkono wa agogo ake umene unali ndi supuni. A Nasoko anauzira phalalo, nalifikitsa pakamwa pake. Anameza. Anayasamulanso. A Salome anafuna kusendera pafupi, koma a Habiba anawagwira nsalu kuti asasokoneze. Mwana anadya mwina theka la kambale kakang'ono, kenaka anatsamira pachifuwa cha agogo ake n'kugona, milomo ili noninoni.

A Nasoko anapukuta maso ndi ngodya ya nsalu. "Masana mubweretsenso," anatero osayang'ana munthu.

Musaganize kuti mwana anachira tsiku lomwelo. Panali masiku ena amene ankakananso, ndipo a Salome ankasinthasintha: lero chidede chambiri, mawa dontho la ndimu, mkuja dzungu losakaniza ndi nsinjiro ndi anyezi. Anaphunzira kuti mwana wodwala safuna mbale yodzaza, imamuopsa. Bwino kambale kakang'ono kobwera kawirikawiri. Kutupa kutayamba kuphwa, Molly anaoneka wowonda kuposa kale, ndipo mantha anabweranso pabwalo. A Salome anapitanso naye kuchipatala, ulendo uno a Nasoko ali pambuyo atanyamula kamphika. Bambo uja anamwetulira, nati amene achokawo ndi madzi, tsopano chimene chibwere ndi mnofu. Pobwerera, atafika pamphambano ya nyumba ziwiri zija, a Nasoko anati, "Pitani naye. Usiku amafunafuna inu." Uthenga wa kwa ankhoswe sunatumizidwe konse.

Ife aphunzitsi tili ndi chizindikiro chathu chodziwira kuti mwana wachira: amayamba kupulupudza. Cha Molly chinaoneka nyengo yotentha itayamba. A Salome anachokera kudooko n'kupeza mwana kulibe pamphasa. Anamupeza kuseri, atakwera m'bwato, atakhala pakati pa mpungabwi ngati mwini wake, atazula anyezi wambirimbiri, wina ali kukamwa. A Salome anamukalipira, ndipo ali mkati mokalipa anazindikira kuti aka n'koyamba kumukalipira chichokereni chikuku. Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuseka, mpaka a Habiba anasuzumira pampanda kufunsa ngati misala yalowa m'nyumba ya Akhristu.

A Nasoko sanapepese ndi pakamwa. Anthu a msinkhu wawo sachita zimenezo kwa mtengwa. Koma m'mawa wina anatulukira atasenza dengu la zitosi za mbuzi zochokera m'khola la mlongo wawo, nalitula pambali pa bwato, nati, "Kutsogoloku dothi latsika." Ndipo mayi wina atayesa kudzutsanso nkhani ya tsempho kumtondo, a Nasoko anamufunsa ngati anaonapo mwana wa tsempho akuthamangitsa abakha. Nkhaniyo inathera pomwepo.

A Fletcher anabwera m'chaka cha 1946, atawonda, atavala jekete la usilikali. Atalonjerana ndi anthu anazungulira kuseri kuti akaone bwato lawo. Anaima nthawi ndithu.

"Make Molly, nanga ine ndizikhala pati popalasa?"

Amene anayankha anali a Nasoko. Anamutengera mwana wawo pansi pa mtengo, namufotokozera zonse, osabisa ngakhale mbali yawo. Zina zimene anakambirana sitikuzidziwa. Chimene anthu anaona n'chakuti madzulo ake a Nasoko anabweza chigubu chija, ndipo sabata yotsatira a Fletcher anapita kukagula bwato lina long'aluka kwa msodzi mnzawo, amene anadabwa kuona munthu akufuna chinthu chotayidwa. Analikhazika pafupi ndi loyamba.

Mchere unabwerera m'nyumbamo, koma a Salome anali atazolowera kale kuphika kwina. Mpaka lero amathira pang'ono. Sayamba ndi kufunsa kuti kodi lero tidya ndiwo yanji. Amayamba apita kuseri kukaona chimene chakula. Chambo amachiphika ndi mpungabwi ndi ndimu. Nyemba amaziphula kaye asanawaze daniya. M'bwato lachiwiri anadzalamo adyo, tsabola ndi chikasu chimene a Habiba anawapezera kwa abale awo a ku Nkhotakota. Ana awo amadya masamba osakakamizidwa, chinthu chimene makolo ambiri amene amabwera kusukulu kudzandidandaulira sakhulupirira. Njere sagulitsa. Mayi aliyense amene wabwera ndi mwana wokana kudya amabwerera ndi kansanza komanga, ndi malangizo amene a Salome amawanena mofatsa, kubwereza mpaka munthu amve: chotengera chobooka pansi, dothi la kudambo, mpanda mbali ya mwera, ndipo zonunkhira zithiridwe mphika utachoka pamoto. Mukayenda m'midzi ya kuno mudzaona mitondo yong'ambika, mabeseni obooka ndi zidutswa za mabwato zili ndi zobiriwira. Zambiri mwa izo mbewu yake inachokera kuseri kwa nyumba ija.

Njala ya 1949 sinawalambalale. Mabwato awiri a masamba sangadyetse banja chimanga chikakanika, ndipo a Salome sananenepo kuti angatero. Anavutika monga anavutikira onse, anakumba mizu, anaphika madeya. Kusiyana kwake kunali kwakuti ankadziwa kuchititsa mwana kumeza chinthu chosakoma, ndipo ankatunga madzi kunyanja kuthirira dimba lawo ngakhale pamene anali atafooka ndi njala. A Nasoko anamwalira chaka chotsatira, akudwazidwa ndi mtengwa wawoyo. A Habiba akadalipo, ndipo akadanenabe kuti anthu a kumtunda sadziwa kuphika, kupatula mmodzi amene anamuphunzitsa iwo.

A Salome sadziwa kulemba dzina lawo, ndipo sanapiteko kutali kuposa ku boma ndi kwawo ku Chitala. Molly anamaliza bwino sukulu yathu ya pamudzi, ndipo tsopano akupitiriza maphunziro kumishoni. Pambuyo pake panabadwa ana ena asanu. A Salome analera ana asanu ndi mmodzi, kudutsa m'chikuku ndi m'njala, ndipo onsewo ali moyo.